Nambala 16 ku Halifax: masiku omwe Canada inkayeza Connor Bedard

Ku Canada chikondwerero cha Khrisimasi chikangodutsa pamayamba china. Pa 26 December chaka chilichonse amatsegulira mpikisano wa dziko lonse wa hockey ya pa ayezi wa anyamata osakwana zaka 20, ndipo m'nyumba zambiri kanema amakhala pa tchanelo ya zamasewero ya TSN mpaka sabata yoyamba ya January. Kumaiko ena omwe amatumiza matimu, mpikisanowu si nkhani yodzutsa anthu m'tulo. Kuno ayi. Agogo, makolo ndi ana amakhala pabalaza limodzi, kunja kukugwa chipale chofewa, n'kumakangana za anyamata omwe ena mwa iwo sanamalize n'komwe sekondale.

Ine hockey ndinaidziwira kuukulu, nditabwera kale kudzakhala kuno, ndipo poyamba ndinkangoona anthu akuthamangitsa chinthu chosaoneka. Mnzanga wina wa kuntchito ndiye anandipatsa nzeru: usalimbane ndi puck, sankha munthu mmodzi uziyang'ana iyeyo basi, ngakhale pomwe alibe kanthu pa ndodo. Pa mpikisano womwe unachitikira ku Halifax ndi ku Moncton kuyambira pa 26 December 2022 mpaka pa 5 January 2023, kusankhako sikunavute. Anthu anali atasankha kale. Anali Connor Bedard, wa zaka 17, wovala nambala 16.

Kwa amene masewerowa simunawaonepo, nazi zochepa zokuthandizani kutsatira nkhaniyi. Timu iliyonse imakhala ndi osewera asanu ndi goloboyi pa ayezi. Amasewera zigawo zitatu za mphindi 20, ndipo osewera amasinthana masewero ali mkati, aliyense akathamanga kwa nthawi yosakwana mphindi imodzi, chifukwa liwiro lake ndi losati n'kupirira. Puck ndi kanthu kakuda, kolimba, kaphwatalala, kopangidwa ndi rabala. Wochinya chigoli amalembedwa pointi imodzi, ndipo anzake omwe anamupatsira, mpaka awiri, nawonso amalembedwa pointi imodziimodzi. Ndiye mukamva kuti wakuti anapeza mapointi 7, ndi zigoli ndi mapasi obereka zigoli kuphatikiza pamodzi.

Bedard sankavuta kumuzindikira pa kanema. Lamulo la IIHF, bungwe loyendetsa hockey pa dziko lonse, limati wosewera wosakwana zaka 18 avale chisoti chotchinga nkhope yonse, choncho pomwe anzake ambiri anali ndi kagalasi kotchinga maso kokha, iye nkhope yake yonse inali yotchingidwa. Thupi lakenso si lalikulu: kutalika kwake ndi pafupifupi masentimita 178, m'masewero omwe anthu amagundana mapewa mwadala. Anabadwa pa 17 July 2005 ku North Vancouver. Mu March 2020, asanakwanitse zaka 15, anapatsidwa chilolezo chapadera choti alowe ligi ya achinyamata ya WHL chaka chimodzi msinkhu usanakwane, ndipo anali woyamba m'ligi imeneyo kupatsidwa chilolezo chotero. Timu ya Regina Pats ndiyo inamutenga. Pofika ku Halifax sanali mlendo pa mpikisanowu. Mu December 2021, ali ndi zaka 16, anachinya zigoli zinayi pa masewero amodzi ndi Austria, ndipo mawa lake mpikisano wonse unaimitsidwa chifukwa cha Covid-19. Utabwerezedwa ku Edmonton mu August 2022, anali nawo m'timu yomwe inatenga golide.

Mpikisano wa ku Halifax unabwera pa nthawi yovuta. Poyambirira unayenera kukachitikira ku Novosibirsk ndi ku Omsk, koma dziko la Russia linalandidwa mwayiwo litathira nkhondo ku Ukraine, ndipo timu yake sinaloledwe kusewera. Kunonso bungwe la Hockey Canada linali pa moto chaka chonsecho chifukwa cha momwe linayendetsera nkhani ya mlandu wogwiririra wa m'chaka cha 2018. Makampani othandiza anabwerera m'mbuyo, ndipo mu October 2022 mkulu wa bungweli anachoka pa udindo, komiti yonse n'kulengeza kuti ikutula pansi. Anthu anali ndi njala ya nkhani yabwino. Katundu wofunafuna nkhani yabwinoyo anagwera mwana wa zaka 17, ndipo ndikhulupirira kuti si ambiri amene anaima n'kudzifunsa ngati zimenezo zinali zoyenera.

Tsiku loyamba zinthu zinatembenuka. Czechia inagonjetsa Canada ndi zigoli 5 kwa 2 pamaso pa anthu ake omwe. Bedard anachinya chimodzi, koma chomwe anthu anatsala nacho pakamwa ndi chakuti iye ndi Adam Fantilli anayesa kachenjerero kotchedwa Michigan, komwe wosewera amanyamula puck pa nsonga ya ndodo ali kuseri kwa golo n'kufuna kuitsokomeza pakona ya pamwamba. Onse awiri analephera. Pa wailesi ndi pa intaneti kunali kulalata: ana awa abwera kudzadzionetsera, sakudziwa kuti avala malaya a dziko. Goloboyi woyamba wa Canada anatulutsidwa masewero ali mkati, m'malo mwake n'kulowa Thomas Milic, mnyamata yemwe matimu onse a NHL, ligi yaikulu ya hockey ya ku Canada ndi America, anali atamulambalala pa chisankho cha osewera atsopano. Dzina limenelo lisungeni.

Kenako kunabwera masewero awiri omwe anadzaza nyuzipepala. Pa 28 December Canada inaswa Germany 11 kwa 2, Bedard n'kupeza mapointi 7, zigoli zitatu ndi mapasi anayi, kufanana ndi mbiri yapamwamba ya wosewera wa Canada pa masewero amodzi. Mawa lake Austria inalira 11 kwa 0, iye n'kuonjezera ena 6. Apa mpomwe ine ndimasiyana ndi anthu ambiri omwe ndinkaonera nawo. Pa mapointi 23 omwe anamaliza nawo mpikisano wonse, 13 anachokera m'masewero awiri amenewa, ndi matimu omwe analibe mphamvu yoima ndi Canada ngakhale Bedard akanakhala kuti watsala kunyumba. Austria inatsitsidwa kupita ku gulu la pansi mpikisano utatha. Sindikunena kuti mapointiwo ndi achabe, popeza anzake onse anakumana ndi matimu omwewo koma palibe anachita zomwe iye anachita. Ndikungoti munthu wofuna kudziwa mnyamata sangamudziwire pa tsiku lomwe chilichonse chikulowa.

Komabe masewero osavutawo anandipatsa mpata woona bwino chida chake chachikulu, ndiko kuombera kwake. Ambiri akafuna kuombera mwamphamvu amaonekeratu: thupi limakonzeka, ndodo imabwerera m'mbuyo, goloboyi n'kudziwa. Bedard amakokera puck kufupi ndi mapazi ake m'kanthawi kochepa, kotero kuti malo omwe ikuchokera amasintha pomwe wotchinga watambasula kale ndodo ndipo goloboyi waima kale poganiza kuti wadziwa njira yake. Ndodo yake ndi yofewa, imapindika n'kuiponya puck ngati uta. Nthawi zambiri amaombera modutsitsa pakati pa miyendo ya wotchinga, ndiye goloboyi amaiona itafika kale. Nkhani yodziwika ndi yakuti ali wamng'ono anathyoka dzanja lamanja, ndipo m'malo mokhala pansi anatha masabata akuombera ndi dzanja lamanzere lokha. Amene amamudziwa amati mphamvu ya dzanja lake la pamwamba pa ndodo inachokera pamenepo. Akulu anati m'mera mpoyamba, koma m'mera uwu unathiriridwa ndi maola ambirimbiri a mwana yekhayekha kuseri kwa nyumba, pomwe anzake ankachita za ubwana.

Pa 31 December, ndi Sweden, sanachinye. Anangopatsira mapasi anayi, Canada n'kupambana 5 kwa 1. Masewero amenewa anandiuza zambiri kuposa a Germany. Anyamata a Sweden amaphunzitsidwa bwino kutseka mipata, ndipo atangomuunjirira awiri kapena atatu poopa kuombera kwake, iye ankaitumiza kwa mnzake yemwe watsala yekha. Mphunzitsi Dennis Williams anali atamuika pamodzi ndi Logan Stankoven ndi Joshua Roy, ndipo atatuwa anagwirizana msanga. Stankoven ndi wamfupi kuposa Bedard koma sadziwa kubwerera m'mbuyo, pomwe Roy ndi uja amagwira ntchito yauve m'makona kuti ena awale.

Usiku wa pa 2 January, pa kotafainolo ndi Slovakia, ndiwo usiku weniweni wa mpikisano uwu. Bedard anachinya chigoli choyamba, ndipo ndi chigoli chimenecho anaposa Jordan Eberle, yemwe anali ndi zigoli 14, pa mndandanda wa omwetsa zigoli a Canada pa mpikisanowu, naposanso mapointi 31 a Eric Lindros. Canada inatsogola 3 kwa 1 ndipo tonse tinaganiza kuti nkhani yatha. Koma pagolo la Slovakia panali Adam Gajan. Mnyamata ameneyu palibe ankamudziwa mwezi umodzi m'mbuyomo. Ankasewera m'ligi yaing'ono ya ku America, m'timu ya Chippewa Steel, ndipo analowa m'timu ya dziko lake mochedwa, osati ngati goloboyi woyamba. Atapatsidwa mwayi anathandiza Slovakia kugonjetsa United States 6 kwa 3 m'ndime ya magulu. Usiku umenewu anatchinga mipira 53. Ndinapezeka kuti ndaiwala nambala 16 kwa kanthawi, maso ali pa mnyamata wina yemwe ankadzuka pa ayezi mobwerezabwereza, anthu oposa 10,000 akufuula kuti agwe. Slovakia inabweza, Libor Nemec n'kufananitsa 3 kwa 3 m'chigawo chomaliza, ndipo bwalo la Scotiabank Centre linayamba kupuma movutikira.

Nthawi yoonjezera imaseweredwa atatu kwa atatu, ndipo chigoli choyamba ndicho chimatseka masewero. Slovakia inatsala pang'ono kuwatseka, koma Milic anatambasula dzanja n'kuigwira. Zikanalowa, Canada ikanatuluka pa kotafainolo pakhomo pake pomwe, ndipo mapointi onse a Bedard akanasanduka chitonzo. Zimenezi anthu amaziiwala akamaonetsa chigoli chotsatiracho. Patadutsa mphindi zisanu ndi masekondi 17, Bedard anatenga puck chakumtunda, pafupi ndi mzere wobiriwira ngati thambo. Anadyetsa njomba woyamba. Wachiwiri anabwera ndi ndodo, iye n'kumuzemba. Anatsala ndi Gajan, yemwe anali atamukaniza kangapo usiku womwewo. Aliyense m'bwalomo, kuphatikizapo Gajan, ankadikira kuombera kuja. Sanaombere. Anamukokera mbali imodzi, Gajan n'kugona, iye n'kuibweza ndi kuseri kwa ndodo n'kuilowetsa m'golo mopanda phokoso. M'nyumba momwe tinali munthu wina anagwetsa mbale.

Chomwe chinandigwira mtima pa chigoli chimenecho si njombazo. Ndi chakuti mwana wa zaka 17, pa nthawi yomwe kulakwitsa kamodzi kukanapereka mpata kwa adani kuthamangira ku golo lake, anasankha kusagwiritsa ntchito chida chomwe aliyense ankachidziwa. Kuyesa njomba pa mzere umenewo, muli atatu okha, ndi chinthu chomwe aphunzitsi amaletsa. Masiku asanu ndi awiri m'mbuyomo anthu omwewa ankamulalatira chifukwa cha mtima womwewo. Ukalephera amati matama, ukakhoza amati luso, pomwe mnyamatayo ndi mmodzi yemweyo.

Pamwamba pa bwalo, m'mipando yawoyawo, munali anthu ena omwe sachemerera. Ndi aja otumidwa ndi matimu a NHL kudzayeza osewera. Amakhala ndi kabuku kapena kompyuta, ndipo amalemba zomwe ife sitiziona: mnyamata akatayitsidwa puck amabwerera msanga bwanji, akagundidwa amadzuka ndi nkhope yotani, pa benchi amayankhula bwanji ndi anzake. Ndikawaona ndimakumbuka ogula fodya ku okushoni ku Kanengo, akuyenda m'mizere ya mabelo, kugwira tsamba, kununkhiza, kulemba mtengo n'kupitirira. Kusiyana kwake n'kwakuti apa belolo lili ndi mayi ake m'gulu la oonera. Dongosolo la NHL limapereka mwayi waukulu wosankha koyamba kwa matimu omwe achita moipa kwambiri, kudzera m'maere. Choncho nyengo yonse imeneyo ochemerera matimu ngati Chicago, Anaheim ndi Columbus ankasangalala timu yawo ikagonja. Chigoli chilichonse cha Bedard ku Halifax chinkachititsa anthu akuluakulu m'mizinda ya kutali kupempherera kugonja.

Semifainolo ndi United States pa 4 January ndiidutsa mwachangu. Canada inatsalira 2 kwa 0, Bedard n'kuchinya chigoli chomwe chinabweza mtima, kenako zigoli zina zisanu zinatsatira ndipo zinathera 6 kwa 2. Zigoli ziwiri za America zinakanidwa oyimbira ataonanso pa kanema kuti goloboyi anasokonezedwa, ndipo a ku America mpaka lero amadandaula. Mwini usikuwo anali Milic, yemwe anatchinga mipira 43, ndi Roy, yemwe anachinya ziwiri.

Fainolo inabweretsanso Czechia, timu yomwe inawachititsa manyazi tsiku loyamba. Kaputeni wake, Stanislav Svozil, ankasewera ndi Bedard ku Regina Pats, kutanthauza kuti ankakumana naye pa zokonzekera tsiku ndi tsiku ndipo ankadziwa mbali yomwe amakonda kukhotera. A Czechia anamutseka. Paliponse pomwe ankapita pankakhala munthu, ndipo goloboyi Tomas Suchanek anagwira zomwe zinadutsa. Dylan Guenther anachinya choyamba, kaputeni Shane Wright n'kuonjezera chachiwiri pa tsiku lomwe ankakwanitsa zaka 19. Kutatsala mphindi zochepa, Jiri Kulich ndi Jakub Kos anachinya ziwiri pasanadutse mphindi imodzi, zinthu n'kukhala 2 kwa 2. M'nthawi yoonjezera Guenther ndi Roy anathamanga awiri pa wotchinga mmodzi, anapatsirana, Guenther n'kumaliza. Imeneyo inali golide ya nambala 20 ya Canada, ndipo Czechia inapeza mendulo yake yoyamba kuchokera mu 2005.

Bedard sanapeze pointi ngakhale imodzi pa fainoloyo, ndipo ndi masewero okhawo pa asanu ndi awiri omwe anatuluka chimanjamanja. Kwa ine wotsatira munthu mmodzi, amenewa anali masewero ophunzitsa kuposa onse. Ndinkayembekezera kuti akwiya, ayamba kufuna kuchita zonse yekha, monga amachitira ana ambiri omwe anazolowera kukhala oyamba kuyambira ali aang'ono. Sindinazione. Ankatuluka nthawi yake ikakwana, ankabwerera kukathandiza kumbuyo, ndipo otchinga abwino a Czechia akakhala pa iye, ena ankapeza mpweya. Masewero atatha, mtolankhani wa TSN anamufunsa za iye mwini, iye n'kukana kuti nkhaniyo isakhale ya iye, ayankhule za timu yomwe yangopambana kumene. Ena anati ndi mawu ophunzitsidwa, poti osewera hockey onse amayankhula choncho. Mwina. Koma munthu wa zaka 17 yemwe wangomaliza ndi zigoli 9 ndi mapasi 14, yemwe waposa mbiri ya Canada ya mapointi 18 pa mpikisano umodzi ya Dale McCourt ndi Brayden Schenn, ndipo wasankhidwa wosewera wopambana onse pa mpikisano, akanatha kulola kuti amutamande pang'ono ndipo palibe akanamudzudzula.

Chomwe mpikisano ngati uwu sungakuuze ndi mawa, ndipo umboni wake unali m'timu momwemo. Shane Wright nayenso anapatsidwa chilolezo chapadera chija mu 2019, ndipo kwa zaka zingapo aliyense ankati adzasankhidwa woyamba mu 2022. Tsiku litafika Montreal inatenga Juraj Slafkovsky wa ku Slovakia, New Jersey inatenga Simon Nemec, yemwe anali kaputeni wa Slovakia usiku wa kotafainolo uja, ndipo Wright anatsikira pa nambala 4, ku Seattle. Mndandanda wa opatsidwa chilolezo chapadera uli ndi John Tavares ndi Connor McDavid, inde, koma ulinso ndi Sean Day, yemwe anachipeza mu 2013 ndipo mu NHL anangolawako masewero owerengeka. Naye ali ndi zaka 15 anthu ankamunena ndi chikhulupiriro chomwecho. Sikuti anali waulesi kapena kuti oyeza aja anali opusa. Thupi la mwana limasintha, anzake amamupeza, moyo wa kunyumba umalowererapo, ndipo palibe kabuku komwe kangalembe zimenezo pasadakhale.

Bedard anabwerera ku Regina n'kumaliza nyengoyo ndi zigoli 71 ndi mapointi 143 pa masewero 57, mabwalo akudzaza kulikonse komwe timu yake inkapita. Pa 8 May 2023 maere anagwera Chicago Blackhawks, ndipo pa 28 June ku Nashville anamusankha woyamba. Leo Carlsson wa Sweden anapita ku Anaheim pa nambala 2, Fantilli ku Columbus pa nambala 3. Masewero ake oyamba mu NHL anali pa 10 October ku Pittsburgh, ndipo puck yoyamba anailimbirana ndi Sidney Crosby, yemwe ankamusirira ali mwana, wochokera ku Cole Harbour, kufupi ndi Halifax komweko. Chisoti chotchinga nkhope yonse chija chinali chitachoka. Pa 5 January 2024, chaka chimodzi ndendende kuchokera usiku wa golide, Brendan Smith wa New Jersey anamugunda akulowa m'dera la adani ndipo anathyoka nsagwada. Anajomba masewero 14. Anabwerera n'kumaliza ndi zigoli 22 ndi mapointi 61, napatsidwa chikho cha Calder cha wosewera watsopano wopambana, koma timu yake inathera yachiwiri kuchokera pansi pa ligi yonse. Ku Halifax anali ndi Stankoven ndi Roy pambali pake, Milic kumbuyo. Ku Chicago anapeza timu yomwe inaphwasulidwa dala kuti imupeze iyeyo.

Pa chisankho chomwecho cha ku Nashville, Milic, yemwe anali atalambalalidwa kawiri, anatengedwa ndi Winnipeg Jets m'ndime yachisanu. Gajan, yemwe IIHF inamusankha goloboyi wopambana pa mpikisano wa ku Halifax, anakhala goloboyi woyamba kutchulidwa chaka chimenecho, pa nambala 35. Timu yomwe inamutenga ndi Chicago.